Kusankha ndi tsankho: malire ake ali pati pa ntchito?

Mawu akuti "kusankha" ndi akuti "tsankho" ndi a bere limodzi, ndipo nkhani yonse ya mwayi wofanana pa ntchito yagona pa ubale umenewu. Kampani ikalengeza kuti ikufuna munthu mmodzi n'kulandira makalata 300, iyenera kusankha basi. Anthu 299 abwerera chimanjamanja, ena mwa iwo odziwadi ntchito, koma palibe lamulo limene laphwanyidwa. Lamulo limaphwanyidwa pamene chosankhiracho chili chinthu chosakhudza ntchito: khungu la munthu, mtundu wake, kumene amapemphera, kuti ndi mkazi, kuti ndi woyembekezera, kuti amayendera njinga ya olumala. Pamenepo kusankha kwasanduka tsankho.

Pakamwa n'zosavuta. Chovuta n'chakuti masiku ano ndi mabwana owerengeka amene angakhome chikwangwani pachipata chakuti "akazi sitilemba". Wokanidwa amalandira kalata yaulemu yomuthokoza posonyeza chidwi, kapena samva kalikonse. Ndipo kawirikawiri amene anamukanayo sakunama akamati anasankha mwachilungamo, amakhulupiriradi zimenezo. N'chifukwa chake ofesi yoona za antchito, imene ambiri amangoti "kwa a HR", singadalire kuyeza mitima ya anthu. Chimene ingachite ndi kufunsa funso limodzi lotopetsa pa chiganizo chilichonse: chifukwa chimene mwamusiyira munthuyu chikukhudzana bwanji ndi ntchito imene mukufuna igwiridwe?

Zimene mayiko anagwirizana

Mu 1948 chikalata cha United Nations cha ufulu wachibadwidwe chinanena, pa ndime 23, kuti aliyense ayenera kulandira malipiro ofanana pa ntchito yofanana. Koma bungwe limene linailowa nkhaniyi mozama ndi la ILO, loona za ntchito padziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Geneva. Mu 1951 linakhazikitsa pangano nambala 100 lonena za malipiro a amuna ndi akazi, ndipo mu 1958 linakhazikitsa pangano nambala 111 lothana ndi tsankho pa ntchito. Mayiko oposa 170 anavomereza pangano lachiwirili. Chodabwitsa n'chakuti dziko la America, lomwe milandu yake tiitchula kangapo muno, silinalivomereze. Limayendera malamulo akeake.

Pangano 111 limatchula zifukwa zisanu ndi ziwiri zimene siziyenera kumuchotsera munthu mwayi: mtundu wake, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chipembedzo, maganizo ake pa ndale, dziko limene makolo ake anachokera, ndiponso banja kapena gulu limene anabadwiramo. Dziko lililonse lili ndi ufulu wowonjezerapo, ndipo ambiri anawonjezera ulumali, msinkhu, uchembere, kukhala pabanja kapena ayi, ndi kachilombo ka HIV. Lamulo la ku Britain la 2010 lili ndi zifukwa zisanu ndi zinayi. Ku America lamulo la 1967 limateteza pa nkhani ya msinkhu anthu a zaka 40 kupita m'tsogolo okha. Mndandandawu umasiyana dziko ndi dziko, choncho wodandaula aliyense amayambira pa lamulo la kumene akugwira ntchito.

M'mawu a panganoli muli mfundo ziwiri zimene anthu amazilumpha. Yoyamba ndi yakuti kukondera nakonso ndi tsankho. Bwana amene sadana ndi aliyense, koma nthawi zonse amakokera pafupi a mtundu wake kapena a mpingo wake, watsekera ena khomo mofanana ndi amene amawada. Yachiwiri ndi yakuti panganoli limayang'ana zotsatira. Silifunsa kuti bwana ankalinga chiyani mumtima, limafunsa ngati zimene wachitazo zachepetsa mwayi wa munthu.

Pali mpata umodzi umene linasiya: ngati chinthucho ndi msana wa ntchitoyo, kuchifuna si tsankho. Woyendetsa ndege ayenera kuona bwino. Mpingo ukafuna mbusa sungakakamizidwe kutenga wa chipembedzo china. Koma makhoti amaupanikiza kwambiri mpata umenewu, chifukwa ukangotakasuka aliyense amathawiramo. Chowiringula chotchuka ndi chakuti "makasitomala athu amakonda choncho". Kampani ya ndege ya Pan Am inayesa mawu amenewa pokana kulemba amuna ntchito yoperekera zakudya ndi kusamalira anthu m'ndege. Mu 1971 khoti la apilo ku America linagamula kuti ntchito yeniyeni ya kampani ya ndege ndi kufikitsa anthu bwinobwino kumene akupita, ndipo zokonda za okwera si chifukwa chokanira mwamuna amene angathe ntchitoyo.

Lamulo la aliyense limene limagwira ena okha

Mlandu umene unasintha kaganizidwe pa nkhaniyi unachokera ku kampani ya magetsi ya Duke Power, pa malo ake opangira magetsi a Dan River m'chigawo cha North Carolina ku America. Kwa zaka zambiri anthu akuda ankalembedwa m'dipatimenti imodzi yokha mwa isanu, ya ntchito zamanja, kumene wolandira ndalama zambiri ankaposedwa ndi wolandira zochepetsetsa wa m'madipatimenti enawo. Limeneli linali tsankho lapoyera, losafuna womasulira.

Kenako kunabwera lamulo la Civil Rights Act la 1964, ndipo gawo lake lokhudza ntchito linayamba kugwira pa 2 July 1965. Kampaniyo inachotsa chiletso cha khungu. M'malo mwake inati wofuna kusamukira ku madipatimenti enawo akhale ndi satifiketi ya sekondale, ndipo tsiku lenileni limene lamulo linayamba kugwira ntchito inabweretsanso mayeso awiri olemba. Zonsezi zinali za aliyense, mzungu ndi wakuda yemwe. Ndani akanati pali tsankho?

Manambala ndi amene anaulula. Kalembera wa 1960 anasonyeza kuti m'chigawocho amuna achizungu 34 pa 100 alionse anali ndi satifiketi ya sekondale, pamene akuda anali 12 okha, chifukwa anakulira m'sukulu zopatulidwa ndiponso zosasamalidwa. Willie Griggs ndi anzake 12, antchito akuda a pakampanipo, anakasuma. Mu March 1971 khoti lalikulu la dzikolo linawaweruza mokomera, oweruza onse amene anamva mlanduwo atagwirizana chimodzi. Chimene chinaigwetsa kampani ndi antchito ake omwe: azungu amene analembedwa kale opanda satifiketiyo ankagwira ntchito bwinobwino, ena n'kumakwezedwa. Ndiye satifiketiyo inkayeza chiyani? Khoti silinanene kuti mabwanawo anali ndi mtima woipa. Linati mtima wabwino paokha sukwanira ngati muyezo ukusefa gulu limodzi pamene sukuyeza ntchito.

Uku ndiye kumatchedwa tsankho lobisika, kapena losalunjika, ndipo ndi kumene makampani ambiri abwinobwino amagwera. Muyezo wa kutalika kwa thupi umachotsa akazi ambiri. Mu 1977 khoti lomwelo linathetsa muyezo wa kutalika ndi kulemera umene chigawo cha Alabama chinkaika kwa oyang'anira ndende, chifukwa ngati ntchito ikufuna mphamvu, yezani mphamvuzo. Kufuna laisensi yoyendetsera galimoto pa ntchito ya padesiki kumachotsa osaona ndi ena aulumali. Kunena kuti "akhale amene wagwira zaka zisanu mosadukiza" kumagwira amayi amene anaimako polera ana. Ndipo njira imene ine ndimaiona kuti ndi yoopsa kuposa zonse, chifukwa imaoneka yosalakwa, ndi kusalengeza ntchito n'kumangouza amene alipo kale kuti "mukadziwa wina mubwere naye". Munthu amadziwa anthu ofanana naye. Pakatha zaka khumi kampani yonse imakhala ya nkhope imodzi popanda amene anakonza zimenezo.

Kodi a HR angadziwe bwanji kuti muyezo wawo ukusefa? Mu 1978 mabungwe a boma la America anapereka kawerengedwe kosavuta: ngati chiwerengero cha opambana m'gulu lina sichikufika pa magawo anayi mwa asanu a gulu limene likupambana kwambiri, pali chofunika kufufuza. Tiyerekeze kuti amuna 100 afunsira ntchito, 60 adutsa mayeso. Akazi 50 afunsira, 20 adutsa. Amuna adutsa 60 peresenti, akazi 40 peresenti. Tikagawa 40 ndi 60 tikupeza pafupifupi 67 peresenti, yomwe ndi yochepera pa 80. Zimenezi sizitanthauza kuti kampani yalakwa kale. Zikutanthauza kuti iyenera kuonetsa kuti mayesowo akuyezadi ntchito, ndiponso kuti panalibe njira ina yoyezera yomwe ikanavulaza anthu ochepa. Otsutsa mfundoyi amati imachititsa olemba ntchito mantha mpaka kuyamba kuwerenga mitu m'malo moyeza luso. Nkhawa imeneyi si yopanda pake, koma mankhwala ake ndi kukonza muyezo kuti ugwirizane ndi ntchito.

Zimene zimachitika diso likangogwera pa dzina

Akatswiri awiri a zachuma, Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan, anatumiza ma CV opeka pafupifupi 5,000 kwa olemba ntchito a ku Boston ndi Chicago. Ena anawaika mayina odziwika ndi azungu monga Emily ndi Greg, ena mayina odziwika ndi anthu akuda monga Lakisha ndi Jamal, ndipo mayinawo ankagawidwa mwachisawawa kuti maphunziro ndi luso zisakhale chifukwa. Zotsatira, zomwe zinasindikizidwa mu 2004, zinali zakuti dzina lachizungu linkaitanidwa kamodzi pa makalata pafupifupi 10, pamene dzina la munthu wakuda linkafunika makalata pafupifupi 15. Kafukufuku wotere wabwerezedwa m'mayiko ambiri ndi mayina a magulu osiyanasiyana, ndipo kusiyana kotereku kumapezeka kawirikawiri.

Ambiri mwa amene ankawerenga ma CV amenewo akanalumbira kuti dzina sanaliganizire. Munthu akakhala ndi mulu wa makalata ndi nthawi yochepa, mutu umadula njira, ndipo njira yachiduleyo imadutsa m'zimene anazolowera.

Magulu akuluakulu oimba ndi zing'wenyeng'wenye ku America anapeza njira yawo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980: woyesedwa ankaimba kuseri kwa chinsalu kuti oweruza amve nyimbo osaona munthu, ndipo m'malo ena ankayala kapeti kuti kugunda kwa nsapato kusaulule ngati ndi mkazi. Akatswiri a zachuma Claudia Goldin ndi Cecilia Rouse analemba mu 2000 kuti chinsalucho chinathandiza akazi kudutsa. Akatswiri ena pambuyo pake anakayikira kukula kwa thandizolo potengera manambala, ndipo mkanganowo ndi woyenera. Koma nzeru yake njomveka: chimene woweruza safunika kuchidziwa, asachione. N'chifukwa chake makampani ena amafufuta dzina, chithunzi ndi tsiku lobadwa pa CV isanafike kwa osankha.

Chinsalu chimathera pakhomo la intaviyu. Mkati muja ndi mmene tsankho limapezera malo ambiri, makamaka pa intaviyu yongocheza, imene bwana amafunsa chilichonse chabwera m'mutu kenako n'kunena kuti "uyu ndamukonda, tidzamvana". Kumvanako nthawi zambiri kumatanthauza kuti anaphunzira sukulu imodzi, amalankhula mofanana, amaseka nthabwala zofanana. Kafukufuku wa zaka zambiri wasonyeza kuti intaviyu yokonzedwa, imene onse amafunsidwa mafunso omwewo otengedwa ku ntchito yeniyeniyo ndipo mayankho amapatsidwa malikisi motsatira muyezo wolembedwa kale, imalosera bwino kagwiridwe ka ntchito kuposa yongocheza. Apa chilungamo ndi phindu la kampani zimayendera limodzi. Ofunsa akhale angapo, ndipo aliyense alembe malikisi ake asanamve a mnzake, chifukwa wamkulu akangoyamba kulankhula enawo amangovomera. Mafunso onga "muli ndi ana angati?", "amuna anu alola?", "mumapemphera kuti?" asamveke n'komwe. Ngati nkhawa ndi maulendo, funso ndi lakuti "ntchitoyi imafuna kuyenda masiku khumi pa mwezi, mungathe?", ndipo lifunsidwe kwa onse, abambo omwe.

Ena ankaganiza kuti kompyuta ithetsa vutoli poti ilibe m'bale. Mu 2018 a bungwe lofalitsa nkhani la Reuters analemba kuti kampani ya Amazon inasiya pulogalamu yake yosefa ma CV itazindikira kuti inkachotsera malikisi ma CV okhala ndi mawu osonyeza kuti mwini wake ndi mkazi. Pulogalamuyo inaphunzitsidwa ndi ma CV a zaka khumi, ambiri a amuna, ndipo inaphunzira bwino lomwe zimene inapatsidwa. Kampani imene yagula pulogalamu yotere singaloze chala wogulitsa; chiganizo chokana munthu chimakhalabe chake.

Malipiro

Kulowa pakhomo ndi chiyambi chabe. Mu June 1968 amayi 187 osoka nsalu za mipando ya galimoto pa fakitale ya Ford ku Dagenham, m'dziko la Britain, ananyanyala ntchito.  Dandaulo lawo linali lakuti ntchito yawo inaikidwa m'gulu la ntchito zosafuna luso lambiri, ndipo ngakhale m'gulu limenelo ankalandira ndalama zochepera ndi 15 peresenti poyerekeza ndi amuna. Patatha milungu itatu fakitale itaima chifukwa galimoto singatuluke yopanda mipando, nduna ya boma Barbara Castle inalowererapo ndipo malipiro awo anafika pa 92 peresenti ya amuna. Lamulo la malipiro ofanana linabwera mu 1970. Koma kuti luso lawo livomerezedwe n'kukwezedwa gulu, anadikira mpaka 1984, atanyanyalanso.

Nkhani ya amayiwa ikufotokoza chifukwa chake pangano 100 la ILO limanena za ntchito "ya mtengo wofanana" osati yofanana ndendende. Amuna ndi akazi nthawi zambiri sagwira ntchito imodzi, ndipo ntchito imene mwadzaza akazi imapeputsidwa. Kuyeza mtengo wa ntchito kumafuna kuona luso limene imafuna, khama, udindo, ndi malo amene imagwiridwira. Wosamalira odwala amene amanyamula anthu tsiku lonse ndi wonyamula katundu mosungira zinthu angapezeke kuti ali pa mlingo umodzi.

Timati mlandu suola. Lilly Ledbetter anaona kuti m'malamulo umatha kuola. Anagwira ntchito ya ukapitawo pa fakitale ya matayala ya Goodyear ku Alabama kuyambira 1979 mpaka 1998. Chakumapeto ankalandira madola 3,727 pa mwezi, pamene mwamuna wolandira zochepetsetsa pa udindo womwewo ankalandira madola 4,286. Anadziwa mochedwa, kudzera m'kapepala kopanda dzina. Mu 2007 khoti lalikulu, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, linati anachedwa: anayenera kudandaula pasanathe masiku 180 chichitikire chiganizo chomuchepetsera malipirocho. Akanadandaula bwanji chinthu chimene sankachidziwa? Nyumba ya malamulo inakonza zimenezi, ndipo lamulo lotchedwa dzina lake ndi limene Barack Obama anayamba kusaina mu January 2009. Tsopano malipiro alionse atsankho amayambitsanso kuwerenga masikuwo.

Chinsinsi pa malipiro ndi mthunzi umene tsankho limabisalamo, ndipo mayiko ena ayamba kuuchotsa. Kuyambira 2017 makampani a ku Britain a antchito 250 kupita m'tsogolo amalengeza kusiyana kwa malipiro a amuna ndi akazi. Ku Iceland, mu 2018 kunayamba kugwira ntchito lamulo lakuti kampani ya antchito 25 kapena kuposerapo itsimikizire kuti imalipira mofanana. Lipoti la ILO la 2018 linati padziko lonse akazi amalandira zochepera ndi pafupifupi 20 peresenti. Nambala imeneyi imafuna kuiwerenga mosamala: si yonse imene imachokera kwa bwana wolipira anthu awiri mosiyana pa desiki imodzi. Goldin yemwe uja, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2023, anasonyeza kuti m'mayiko olemera mpata waukulu umatseguka mwana woyamba akabadwa, chifukwa ntchito zolipira bwino zimakonda munthu wopezeka nthawi iliyonse, ndipo amene amabwerera m'mbuyo pakhomo kawirikawiri ndi mayi.

Kuchitira anthu mofanana nthawi zina n'kuwachitira mosiyana

Ofesi ya pansanjika yachitatu yopanda chikepe ndi yotseguka kwa onse papepala pokha. Pangano la United Nations la 2006 la ufulu wa anthu aulumali limanena momveka kuti kukana kusintha zinthu moyenera kuti munthu waulumali agwire ntchito ndi tsankho. Kusinthako kungakhale kusamutsira desiki pansi, pulogalamu yowerengera mokweza zolembedwa pa kompyuta, womasulira chinenero chamanja pa intaviyu, kapena kusintha maola. Malire ake ndi akuti kusakhale mtolo wopitirira mphamvu za wolemba ntchito, ndipo zimene banki yaikulu ingakwanitse si zimene kampani ya anthu asanu ingakwanitse. Cholakwa chofala ndi kugamula m'malo mwa munthuyo kuti "sangathe" osamufunsa, pamene iyeyo ndi amene wakhala akupeza njira moyo wake wonse.

Pa uchembere, pangano 183 la ILO la chaka cha 2000 limapereka tchuthi chosachepera milungu 14, limaletsa kuyeza mimba ofunsira ntchito kupatula pa ntchito zochepa zoopsa kwa mayi ndi mwana, ndipo limati mayi akachotsedwa ntchito ali woyembekezera kapena ali patchuthi, wolemba ntchito ndi amene aonetse kuti chifukwa chake n'china. Malangizo a ILO a 2010 amaletsanso kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti alembedwe ntchito.

Khoswe wa pamkhate

Nkhanza zokhudza kugonana ndi mbali ya tsankho, chifukwa zimasintha zimene munthu ayenera kupirira kuti asunge ntchito yake. Zilipo za "undilole ndikukweze", ndipo zilipo za tsiku ndi tsiku: nthabwala zolaula, kugwiragwira, kunyoza mtundu kapena chipembedzo mpaka malo antchito kusanduka ozunza. Mu 2019 ILO inakhazikitsa pangano 190, lomwe limateteza ngakhale ophunzira ntchito ndi ofunsira ntchito, ndipo limafika mpaka pa maulendo a ntchito ndi mauthenga a pafoni.

Pafupifupi kampani iliyonse yaikulu ili ndi ndondomeko yolembedwa bwino pa nkhaniyi. Mayeso ake amabwera tsiku limene wodandauliridwa ndi amene amabweretsa ndalama zambiri, kapena ndi bwana wa a HR omwewo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndondomeko imene imati "kadandauleni kwa bwana wanu" ndi yakufa ngati wolakwayo ndi bwanayo. Pamafunika makomo angapo, lina lotulukira kunja kwa kampani.

Ndipo chimene anthu amaopa kwenikweni ndi kubwezeredwa. Ku bungwe la EEOC, limene limalandira madandaulo a tsankho la pantchito ku America, madandaulo oposa theka a mu 2020 anali ndi mbali ya kubwezera. Sikuti nthawi zonse munthu amachotsedwa. Amangosiya kumuitana kumisonkhano, amamusamutsira kumene kulibe tsogolo, lipoti la kagwiridwe kake ka ntchito limene linali labwino zaka zonse limaipa mwadzidzidzi. M'malamulo a mayiko ambiri kubwezera ndi mlandu paokha: wodandaula moona mtima amatetezedwa ngakhale dandaulo lake loyambalo litapezeka kuti linalibe umboni wokwanira.

Nanga kukweza dala amene anatsalira?

Apa ndi pamene anthu ofuna chilungamo amasiyana okhaokha. Pangano 111 limalola njira zapadera zothandiza magulu amene anaponderezedwa, ndipo mayiko anatenga njira zosiyana. India imasungira magulu amene ankasalidwa gawo la ntchito za boma. South Africa, itatuluka mu ulamuliro wa tsankho, inakhazikitsa lamulo la Employment Equity Act mu 1998 lofuna kuti makampani akuluakulu akhale ndi mapulani osinthira maonekedwe a antchito awo. Norway inalamula mu 2003 kuti m'mabodi a makampani a masheya mukhale pafupifupi 40 peresenti ya amuna kapena akazi, mbali iliyonse isachepere pamenepo. Britain imangolola kuti anthu awiri akafanana pa luso, wolemba ntchito angathe kutenga wa gulu limene likuchepa.

Ovomereza amati mpikisano umene ena anauyamba atamangidwa miyendo sukhala wachilungamo chifukwa chongomasula zingwe lero. Otsutsa amati mnyamata wokanidwa lero sanamange mwendo wa aliyense, ndipo wokwezedwayo amasenza chikayiko chakuti anangomuikapo. Ine ndimaona kuti mbali zonse zikunena zoona, ndipo kuti njira zimene sizikanganitsa kwambiri, monga kulengeza ntchito kumene simunkalengezako, kuphunzitsa, ndi kuchotsa miyezo yopanda ntchito, zimasiyidwa msanga chifukwa zimachedwa kubala ndipo sizioneka pa lipoti la chaka chino.

Umboni

Wokanidwa ntchito saona mafayilo a anzake amene anapikisana nawo. Malamulo ambiri anazindikira zimenezi n'kugawa mtolo wa umboni. Ku America njirayi inakhazikika pa mlandu wa kampani ya McDonnell Douglas mu 1973, ndipo malamulo a European Union ali ndi yofananako. Wodandaula amayamba ndi kuonetsa zinthu zopatsa chikayiko: anali woyenera, anakanidwa, ntchito inapitirira kufunafuna munthu kapena inapatsidwa kwa wina wosamuposa. Kenako wolemba ntchito amapereka chifukwa chake. Pomaliza amaona ngati chifukwacho n'chenicheni kapena n'chophimbira.

Chophimbira chimadziwika ndi zizindikiro zake. Chifukwa chimasinthasintha: lero akuti ankachedwa, mawa akuti ndalama zavuta. Lamulo limene ena analiphwanya osalangidwa limagwira ntchito pa iye yekha. Nthawi imalankhula: wanena Lolemba kuti ndi woyembekezera, Lachisanu kalata yochenjeza yafika. Funso limene ofufuza amabwererako ndi lakuti, wina wofanana naye pa zonse kupatula chinthu chimodzichi anamuchitira chiyani?

Wantchito ayenera kukumbukira kuti a HR amalipidwa ndi kampani. Ambiri ndi anthu achilungamo, ndipo kuteteza kampani ku milandu kumafuna kuti athetse tsankho msanga, koma iwo si loya wa wodandaula. Choncho wodandaula alembe yekha tsiku, malo, mawu amene ananenedwa ndi amene analipo, adandaule molemba n'kusunga kope lake, afunse bungwe la apantchito ngati lilipo, ndipo adziwe kuti nthawi yokadandaula kunja, ku ofesi ya zantchito kapena kukhoti, imakhala yoikika ndipo m'mayiko ena ndi miyezi yochepa chabe.

Kumbali ya kampani, chimene chimaipulumutsa kapena kuigwetsa ndi mapepala amene analembedwa pa tsikulo: zofunika pa ntchito zolembedwa ntchito isanalengezedwe, mafunso, malikisi a wofunsa aliyense, ndi chifukwa chimene wachiwiri sanatengedwere. Mabwana ena amayesa kulemba zimenezi dandaulo litafika kale, kuiwala kuti fayilo ya pakompyuta imasunga tsiku ndi ola limene inapangidwa.